Tiyamike Anene Kuti "Agogo" Pofika Lamulungu

LOLEMBA

M'mawa.

Ndayamba kope latsopano. Zaka zonse zomwe ndinali hedimasitala ndinkalemba zochitika za tsiku lililonse, ndipo kupuma pantchito sikunandichotse khalidwe limeneli.

Esinati, mwana wanga wamkazi, wafika kuchokera ku Silverest pa minibasi yoyamba, fumbi mpaka m'nsidze. Akupita ku Kabwe kumaphunziro a anamwino a sabata imodzi. Mwamuna wake ali kumigodi. Choncho mdzukulu wanga Tiyamike akhala kuno ku Kanakantapa, ndi ine ndi mkazi wanga aNabanda, mpaka Lamulungu.

Tiya ali ndi zaka zinayi. Sayankhula. Ukamuitana satembenuka. Madokotala akuti ndi otizimu. Kawiri pa sabata kunyumba kwawo kumabwera mtsikana wina, Ba Mutinta, kudzamuphunzitsa mwa njira yomwe amaitcha ABA. Miyezi ikungopita. Mwana sananenebe liwu ngakhale limodzi!

Katundu yemwe Esinati wasiya:

1. Zovala.
2. Kapu yabuluu. Akuti ina iliyonse samwera.
3. Kabuku ka zithunzi zomata: madzi, chakudya, chimbudzi, panja, thovu. Akuti akafuna kanthu amamatula chithunzi n'kukupatsa m'manja.
4. Kabotolo kouzira thovu la sopo. Akuti amenewa ndiwo malipiro ake akachita bwino.
5. Mapepala atatu a malangizo, olembedwa ndi Ba Mutinta.

Atatu! Olembera ine! Ine amene ana odutsa m'manja mwanga lero ena ndi apolisi, ena ndi abusa. Mmodzi ali kundende, koma amalemba bwino kwambiri.

Esinati pokwera minibasi: "Atate, chonde, muwerenge mapepalawo."

Ndati ndiwerenga. Sindinanene kuti liti.

Masana.

Dongosolo langa:

Cholinga: pofika Lamulungu, Tiyamike anene kuti "Agogo."
Njira: kubwereza. Palibe mwana amene kubwereza kunamulephera.
Zipangizo: bolodi, choko, ine.

Kabuku ka zithunzi ndakaika pamwamba pa kabati. Mwana amene ali ndi chithunzi cha madzi m'manja adzavutikiranji kunena kuti "madzi"? Umenewu ndi ulesi wochita kuphunzitsidwa.

Kuchigayo ndakumana ndi a Sakala, mkulu wa mpingo mnzanga. Ndawauza kuti Lamulungu likubwerali mdzukulu wanga anditchula pamaso pa mpingo wonse. Ati azilemba pa zolengeza. Mwina ndafulumira. Ayi, sindinafulumire.

Madzulo.

Phunziro loyamba. Ndamukhazika pampando, ndalemba AGOGO pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu. Ndanena "A-go-go" mpaka kummero kwauma. Iye akuyang'ana nkhuku. Kenako watsetsereka pampando, walowa pansi pa tebulo, wayamba kundandalika zitsononkho za chimanga, kuyambira chachifupi mpaka chachitali. Ndivomereze, mzere wake ndi wowongoka kuposa wa ana anga a giredi seveni.

ANabanda akudutsa ndi dishi ya tomato: "Bambo, amene waphunzira kunena Agogo lero ndi inu."

Tsiku loyamba limakhala choncho.

LACHIWIRI

M'mawa.

Sikisi koloko ndayatsa wailesi kuti ndimve nkhani. Kukuwa! Sindinamvepo kukuwa kotere. Agalu a kwa a Sakala ayankha. Tiya watseka makutu ndi manja onse awiri, akudzigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Chifukwa chake sichikudziwika. Nkhani sindinazimve.

ANabanda amudyetsa phala, apita kudimba kukathirira repu. Tatsala awiri.

Phunziro lachiwiri. Zomwe ndayesa:

Kunena "Agogo" mokweza.
Kunena "Agogo" moimba.
Kudziloza pachifuwa.
Kugogoda rula patebulo. Kugogoda chabe.
Switi. Walandira, wanunkhiza, waika pamzere wa zitsononkho.

Masana.

Dzuwa likuswa mtengo. Malata akulira ndi kutentha.

Tiya wandigwira dzanja! Koyamba! Mtima wanga wati myaa. Wandikokera pa kabati, wakankhira dzanja langa m'mwamba. Ndati ndamva, akufuna mabisiketi. Ndatsitsa chitini. Wachiponya. Wakankhanso dzanja langa m'mwamba. Ndatsitsa wotchi ya patebulo, ija anandipatsa aphunzitsi ponditsanzika. Waiponya. Galasi lake phwaa!

Ndamuuza kuti m'nyumba muno sitiponya zinthu. Ndafotokoza bwinobwino, ndi zitsanzo.

Wagwa pansi. Akulira mosalekeza. Ndiye walowetsa dzanja lake m'kamwa n'kudziluma. Kudziluma yekha! Ndalichotsa, walibwezanso. Mano alemba pakhungu. Ndaima pakati pa nyumba yanga, munthu wa imvi, osadziwa chochita.

ANabanda alowa akuthamanga, matope kumapazi. Ayang'ana mwana. Ayang'ana kabati. Ayang'ana ine. Akwera pa kampando, atsitsa kabuku ka zithunzi.

Tiya walanda kabuku, watsegula, wamatula chithunzi chimodzi, wachiika m'dzanja la agogo ake aakazi.

Madzi.

Wamwa makapu atatu osapumira.

Kuyambira m'mawa mwana ali ndi ludzu m'nyumba mwanga, ndowa ili yodzaza pakona. Anandiuza. Anandikokera pamalo penipeni. Pakamwa pake ndinapaika ndine pamwamba pa kabati.

ANabanda atsuka kapu, abwerera kudimba. Akanangondikalipira bwenzi zili bwinoko.

Madzulo.

Nkhomaliro sinalowe. Dzanja la Tiya talitsuka ndi madzi amchere. Silinatuluke magazi, koma zizindikiro zilipo. Esinati waimba foni. Ndamuuza zonse, sindinabise. Wamvetsera mpaka ndamaliza. Kenako: "Mwawerenga mapepala, Atate?"

Chigamulo: zithunzi zikhale pansi, pomwe angazifikire.

Cholinga sichinasinthe. Njira yokha ndiyo iunikidwenso.

LACHITATU

M'mawa.

Ndawerenga mapepala a Ba Mutinta, bolopeni yofiira ili m'manja. Ndabwereza kawiri kufuna cholakwika. Ndapeza mpumiro umodzi wosowa patsamba lachitatu. Umodzi basi! Ndauika.

Zina mwa zomwe alemba:

Kambani mawu ochepa.
Mukakamba, dikirani.
Akachita bwino, muyamikireni nthawi yomweyo, osati mawa.
Musamugwire pamutu.
Musabise kabuku ka zithunzi.

Chomalizachi achilemba mzere kunsi. Ngati ankandidziwa.

Ndawaimbira foni. Kuno netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola, choncho ndakwera. Mawu awo ndi a mwana wamng'ono. Ndikanatha kukhala nditawaphunzitsa amayi awo.

Ndayamba kufotokoza za zaka zanga m'kalasi. Andidula mwaulemu. "Agogo, nifuna munithandize. Mutenge pepa, mulembe madanga yatatu. Loyamba, vamene vachitika akalibe kulira. Lachiwiri, vamene achita. Lachitatu, vamene imwe mwachita pambuyo. Osasintha chilichonse, mulembe chabe."

Madanga! Tsopano tikukamba zomveka. Ndatsika pachulu, ndatenga rula, ndagawa pepala patatu kuchokera pamwamba mpaka pansi. Madanga ngati amenewa sanawaonepo.

Masana.

Zolembedwa mpaka pano:

Asanalire: ndayatsa wailesi. Wachita: wakuwa. Pambuyo: aNabanda azimitsa.
Asanalire: ndaomba m'manja kuti "Tamverani!" Wachita: walowa pansi pa tebulo. Pambuyo: phunziro latha.
Asanalire: ndayetsemula. Wachita: watseka makutu. Pambuyo: ndapepesa.
Asanalire: ndalowa m'nyumba ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Wachita: wakuwa. Pambuyo: ndatuluka.
Asanalire: ndamugwira pamutu, moiwala. Wachita: dzanja m'kamwa. Pambuyo: aNabanda andigwira pamutu ine, ati ndione ngati zikukoma.

Ndawerenga danga loyamba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nda-, nda-, nda-, nda-, nda-.

Ine! Ndimafufuza chomwe chikuvuta mwana, ndipo chalemba dzina lake chokha, ndi dzanja lake, ndi rula!

Ndayesa kupeza mzere umodzi wa aNabanda. Palibe. Iwo amatha tsiku lonse atanena mawu khumi, ndipo theka lake amauza mbuzi.

Madzulo.

Ndakweranso pachulu, ndawawerengera Ba Mutinta. Ndamva akuyesa kubisa kuseka. Kenako afotokoza kuti Tiya sakuwa chifukwa cha mwano. Phokoso limamupweteka, ndipo kukuwa ndi njira yokhayo yomwe wapeza yolichotsera. Akakuwa, phokoso limatha. Ndiye adzasiyiranji? Ntchito yathu, akuti, ndi kumupatsa njira ina yosavuta kuposa kukuwa.

Pomaliza ati: "Koma Agogo, mwalemba bwino maningi! Pa makolo onse amene nisebenza nawo, palibe analembapo mwaudongo so."

Ndatsika pachulu ndikumwetulira. Ndawauza aNabanda. Ndawauzanso kachiwiri. Ndili pakati posenda mbatata ndi pomwe ndazindikira.

Akachita bwino, muyamikireni nthawi yomweyo.

Mtsikana uja wandipatsa malipiro! Pafoni! Ndipo zagwira!

LACHINAYI

M'mawa.

Wailesi yazimitsidwa mpaka Lamulungu. Dziko liziyenda lokha.

Ntchito ya lero, malinga ndi Ba Mutinta: ndikhale pansi, pamphasa, osati pampando. Ndigwire kabotolo ka thovu pomwe Tiya angakaone. Ndisanene kanthu. Ndiwerenge mpaka teni mumtima. Akandipatsa chithunzi cha thovu, ndinene kuti "thovu," ndiuzire pomwepo.

Ndafunsa ngati ndingadikire kaye anene kuti "Agogo" ndisanauzire. Ati: "Awe," ndiye kuti ayi.

Kukhala chete mpaka teni. Ndi chiyani chimenecho?

Kuyesa koyamba: ndafika pa folo, ndanena kuti "Tiyamike, taona kuno."
Kwachiwiri: pa sikisi ndatsokomola mwadala.
Kwachitatu: pa firii ndayamba kumufotokozera mmene sopo amapangidwira.

ANabanda akhala pakhomo akusankha nyemba, akuwerenga ndi zala. Ndikangotsegula pakamwa akuti, "Mwagwa."

Kwachisanu ndi chimodzi ndadziluma lilime. Wani. Thuu. Nkhuku yadutsa. Seveni. Eyiti. Tiya wayang'ana kabotolo. Watsegula kabuku. Wamatula. Chithunzi chili m'dzanja langa!

"Thovu," ndatero. Ndauzira.

Waseka! Tiya amaseka! Zaka zinayi sindinamvepo. Akuthamangira thovu pabwalo, manja akupiza ngati kambalame, akubwerera, akumatulanso. Ndauzira. Wabweranso. Ndauzira. Chizungulire chandigwira, koma ndani angasiye?

Masana.

Kabotolo katha. Kamayenera kukwana sabata yonse. Katha isanakwane leveni koloko.

Tiya wandipatsa chithunzi. Ndilibe chouzira. Wandipatsanso. Dzanja lake layamba kupita kukamwa.

Ndakumbukira ubwana wanga ku Katete. Ndathamangira kuseri, ndathyola phesi la tsamba la papaya, lija la mphako. Sopo wotsukira mbale, madzi pang'ono, m'kapu yanga ya tiyi. Ndaviika, ndauzira. Thovu lalikulu ngati dzungu! Kachiwiri ndalakwitsa, ndakoka m'malo mouzira. Sopo ndi wowawa. Ndalemba kuti ndisaiwale.

Pomwepo njinga yamoto yaima pamsewu. Mlangizi wa zaulimi, yemwe ndinamuphunzitsa giredi faifi ndipo ndinamugwaditsapo chifukwa chotafuna m'kalasi. Wandipeza ndakhala m'fumbi, miyendo tambalale, phesi la papaya kukamwa, thovu m'ndevu.

"Ba Hedi, muli chabe bwino?"

Sindinathe kuyankha. Ndinali pa sikisi.

Madzulo.

Zasokonekera. Nditatopa ndinaika phesi pansi kuti ndipume. Tiya wakuwa. Pofuna kuti asiye, ndatola msanga n'kuuzira. Wasiya. Patapita kanthawi wakuwanso. Ndauziranso. Pofika folo koloko kabuku wakasiya pamphasa. Akungoima patsogolo panga, kukuwa kamodzi, kwakufupi, n'kudikira. Ndipo ine ndikuuzira!

Pachulu. Ba Mutinta amvetsera mpaka ndamaliza. "Manje Agogo, ni ndani aphunzitsa mnzake apa?"

Tsiku limodzi! Mwana wosayankhula waphunzitsa hedimasitala pa tsiku limodzi, ndipo sanagwiritse ntchito choko.

Kukonza kwake: ndikafuna kupuma, kabuku kakhale pafupi. Ndikaona kuti akufuna kukuwa, ndisunthire kabuku kwa iye asanayambe. Akakuwa, ndikhale naye, ndionetsetse kuti sakudzipweteka, koma phesi likhale pansi. Chithunzi chikabwera, thovu libwere. Andichenjeza kuti mawa kukuwa kuyamba kwakula kusanachepe.

Masaya akundipweteka.

LACHISANU

M'mawa.

Ananena zoona. Kukuwa kwa lero kwafika mpaka kuchitsime. Mayi wina wabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndakhala pamphasa, phesi pansi, kabuku pakati pathu. Dzanja lake likayamba kupita kukamwa ndikuligwira pang'onopang'ono n'kuliika pa kabuku.

Itakwana naini koloko wamatula. Ndauzira ngati moyo wanga uli pamenepo. Kuyambira apo, zithunzi zokhazokha.

Ndadziyamikira ndekha, popeza palibe wina wachita zimenezo.

Masana.

Ndiyenera kulemba izi mwadongosolo.

Tili pakhonde. Tiya akundandalika zitsononkho zake. ANabanda ali pabwalo akusankha tomato wa kumsika, akulimbana ndi mbuzi yathu yamawanga yomwe sabata yonse yakhala ikuwazembera. Mphindi iliyonse: "Choka! Choka iwe!"

Ine ndaganiza za Lamulungu. Kwatsala masiku awiri. Zinthu zikuyenda bwino, mwana ali phee. Ndati kuyesa kamodzi sikungaphe munthu. Ndasendera pafupi. Ndaweramitsa nkhope yanga pafupi ndi yake. Ndanena motsitsa, mokoma: "A-go-go. Nena. A-go-go."

Dzanja lake layamba kukwera kupita kukamwa. Laima panjira. Latembenuka. Lafika pachifuwa panga. Wandikankha pang'ono, akuyang'ana batani la malaya anga.

"Choka."

Momveka bwino! Ngati belu!

Dishi ya aNabanda yagwa. Tomato mbwee pabwalo ponse. Mbuzi yadya momwe ikufunira, palibe waiona.

Wayankhula. Tiyamike wayankhula. Liwu lake loyamba pa dziko lapansi. Wauza ine. Ndi liwu la mbuzi!

ANabanda akhala pansi pomwepo, chitenje kumaso. Sindikudziwa ngati akulira kapena akuseka. Ndikuganiza kuti iwonso sakudziwa.

Ndathamangira pachulu, nsapato imodzi. Ba Mutinta akuwa m'khutu mwanga mpaka ndaichotsa foni. Kenako afunsa chomwe ndinachita Tiya atanena.

Ndati ndinamuuza kuti kwa akuluakulu timati "chokani."

"Awe, Agogo! Akakamba choka, muchoke! Pamene apo! Afunika aone kuti mau yasebenza kuchila kuziluma. Ulemu tizaphunzisa pambuyo."

Ndamva: aone kuti mawu amagwira ntchito kuposa kudziluma. Ndafunsa kuti ndichoke kupita kuti, pakuti pano ndi panga. Ati kulikonse, bola andione ndikupita. Mphindi imodzi, kenako ndibwerere mwakachetechete.

Madzulo.

Ndaimbira Esinati. Anali m'kalasi, watuluka. Ndamuuza. Wandiuza kuti ndibwereze. Ndabwereza. Wafunsa ngati aNabanda anamvanso, ngati sindinalote. Ndawapatsa foni. Atsimikiza.

Kenako wafunsa funso lomwe sindinalikonzekere. "Atate, mawu ake ndi otani?"

Zaka zinayi akumusambitsa, akumudyetsa, akumubereka kumsana popita kuchipatala. Sadziwa mawu a mwana wake. Ndawamva ndine, amene ndinabisa kabuku.

Ndati ndi okhuthala pang'ono, otsika, ngati mawu a Esinati yemweyo ali mwana. Sanathe kupitiriza. Nanenso ndinaona kuti netiweki yavuta, ngakhale inali yodzaza.

LOWERUKA

M'mawa.

Malo omwe ndathamangitsidwa isanakwane teni koloko:

Pakhonde.
Patebulo, tiyi ali pakati.
Pampando wanga, womwe ndinagula ndi penshoni.
Pansi pa mtengo wa mango, womwe ndinabzala ndekha.
Pakhondenso.
Pakhomo la chimbudzi. Apa ndinapempha kuti tikambirane. Sizinatheke.

Nthawi iliyonse ndikuimirira, ndikunena kuti "Chabwino, ndachoka," ndikupita kuseri kwa nkhokwe. Ndikuwerenga mphindi imodzi. Ndikubwerera. Nkhuku zayamba kundidikira kumeneko.

ANabanda sanathamangitsidwe ngakhale kamodzi. Ndi ine ndi mbuzi basi.

Iwo akuti: "Zaka zonsezi ndakhala nanu, osadziwa kuti limangofunika liwu limodzi."

Atayesa iwo, sindinachoke. Mapepala sakunena za iwo.

Masana.

Ndatenga rula, ndaona madanga a lero.

Kukuwa: palibe.
Kudziluma: palibe.
Kuponya zinthu: palibe.

Palibe! Kuyambira m'mawa! Ndawerenga katatu.

Ba Mutinta akuti izi sizikhala chonchi mpaka kale. Liwu likakhazikika adzamuphunzitsa kudikira, ndi kumva kuti nthawi zina yankho ndi ayi. Pang'onopang'ono. Ndafunsa kuti pang'onopang'ono ndi masiku angati. Aseka. Ati ena miyezi, ndipo liwu likhoza kusowa sabata yamawa n'kudzabweranso. Ati ndisawerengere Lamulungu lililonse.

Sindinawauze za a Sakala.

Chinthu china. Ulendo wachisanu ndi chitatu ndili kuseri kwa nkhokwe, ndisanamalize kuwerenga, ndamva mapazi. Tiya. Wazungulira nkhokwe, waima patsogolo panga, wandipatsa chithunzi cha thovu. Wandithamangitsa yekha, wabwera kudzanditenga yekha.

Ndauzira pomwepo, pakati pa zitosi za nkhuku.

Madzulo.

A Sakala afika pa njinga. Akuti zonse zakonzeka, tili pa zolengeza, pambuyo pa za msonkhano wa amayi. Abusa amva, akondwa, akuti adzamupemphereranso mwanayo.

Mpata unalipo. Ndikanangonena kuti mufute. Pakamwa panga, pomwe sabata yonse palephera kutsekeka, lero palephera kutseguka.

Ndati, "Tionana mawa."

ANabanda andisitira jekete mosandiyang'ana.

LAMULUNGU

M'mawa.

M'matumba a jekete: kabuku ka zithunzi, kapu yabuluu, botolo la sopo, mapesi awiri a papaya. Baibulo anyamula aNabanda, malo anatha.

Takhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Ine, amene malo anga ndi benchi yoyamba. Ng'oma za kwaya zitayamba, Tiya watseka makutu, wandipatsa chithunzi cha panja. Tatuluka. Nyimbo zonse tazimvera pansi pa mtengo. Zitatha tabwerera.

Zolengeza. A Sakala awerenga dzina langa ndi mawu onse aulemu. Mitu yonse yatembenukira kumbuyo.

Ndaimirira pomwe ndinali. Kutsogolo sindinapite. Ndati: "Abale, mwanayu sanena Agogo lero. Ndinadzitama pachigayo. Amene amamuphunzitsa akudziwa ntchito yawo, ine ndinangosokoneza. Pepani."

Mawu ochepa chonchi sindinayankhulepo pagulu chibadwire.

Ndimati zatha. Koma abusa, munthu wabwino, wachifundo, atsika paguwa. Ayenda mpaka kumbuyo. Ati ngakhale zili choncho, tiyeni timupempherere. Atambasula dzanja, likupita pamutu pa Tiya.

Ndaona thupi lake likuuma. Ndaona dzanja lake likukwera kupita kukamwa. Ndatsegula pakamwa kuti ndiyankhule.

Tiya wandiyambirira.

"Choka."

Tchalitchi chonse zii. Kumamveka mbuzi ya kutali. Mayi wina wagwira pakamwa. A Sakala agwetsa pepala la zolengeza. Abusa aima dzanja lili m'mwamba, akundiyang'ana kuti ndidzudzule mwana.

Ine, mkulu wa mpingo, amene ndagwaditsa ana ambiri chifukwa cholankhula ndi akulu manja ali m'thumba, ndati: "Abusa, mutikhululukire. Akanena choncho, timachoka."

Andiyang'ana. Ayang'ana Tiya. Abwerera m'mbuyo mapazi atatu. Afunsa ngati apo pakwana. Ndati pakwana. Apemphera ali pomwepo, motsitsa mawu. Dzanja la Tiya latsika lokha, lagwira m'mphepete mwa jekete langa.

Amen wake anali wa anthu ochepa. Ambiri anali asanatseke pakamwa.

Masana.

Esinati wafika kuchokera ku Kabwe, chikwama sanachitsitse n'komwe. Wagwada pamphasa patsogolo pa mwana wake. Tiya wamununkhiza tsitsi, wakhala pamiyendo pake, wapitiriza ndi zitsononkho. Esinati akudikira. Ola lathunthu akudikira. Palibe liwu. Mwana alibe chifukwa chothamangitsira amayi ake.

Minibasi yomaliza imadutsa folo koloko. Esinati wayamba kulongedza, akuti palibe kanthu, adzamva tsiku lina. Akupinda kadiresi kamodzi katatu.

ANabanda andiyang'ana. Ati, "Bambo, ntchito yanu ija."

Ndavula jekete. Ndagwada pamphasa, mawondo akulira. Ndasendeza nkhope yanga pafupi ndi ya Tiya. Ndanena mokoma, monga mwa masiku onse: "A-go-go."

Kadzanja pachifuwa.

"Choka."

Ndati, "Chabwino, ndachoka." Ndapita kuseri kwa nkhokwe. Kuchokera kumeneko ndamva Esinati akulira, akuseka, akuitana dzina la mwana wake mobwerezabwereza. Mphindi itatha sindinabwerere. Ndawapatsa zisanu.

Madzulo.

Apita. Mapesi a papaya ndawalongedzera khumi, ku Silverest kulibe mtengo wake.

Lipoti la sabata:

Cholinga: chalephereka.
Wotchi: yasweka.
Tomato: mbuzi.
Ulemu wanga kumpingo: tidzaona Lamulungu lamawa.

Ba Mutinta atumiza uthenga. Lachinayi kuli kalasi ya makolo ndi agogo, naini koloko. Dzina langa alilemba kale, Esinati ndiye wawauza. Akuti ndibwere ndi kope ndi bolopeni, ndipo yofiira ndiisiye kunyumba. Akuti ndisadabwe, mipando yake ndi ya ana.

Ndikwera minibasi yoyamba. Kuchedwa m'kalasi sindikufuna.